Kalata Yotseguka kwa Nduna ya Zaumoyo: Tipatseni Zomatira Mano

Olemekezeka a Nduna,

Mundikhululukire polemba poyera nkhani imene ena anganene kuti njoyenera kukambidwa m'maofesi. Ndatero chifukwa eni ake nkhaniyi m'maofesimo safikamo. Ali pa benchi panja pa chipinda cha mano, dzanja lili patsaya, ena atamanga mpango kuzungulira chibwano, ndipo akhalapo kuyambira mbandakucha.

Ine ndine dental therapist, mmodzi mwa aja odwala amangotitchula kuti "adokotala a mano" ngakhale digiri ya udokotala tilibe. Ndagwira ntchito zaka zambiri m'zipatala za boma. Kusukulu anatiphunzitsa kumata dzino lobooka, kuyeretsa nkhama, kulangiza makolo, ndi kuzula dzino pamene palibenso chochita. Kuzulako kunali kothera. Nditafika pantchito ndinapeza kuti chothera chija ndicho chakhala choyamba, ndipo masiku ambiri ndicho chokhacho.

Pali mtsikana wina amene sachoka m'maganizo mwanga. Anali wa zaka 9, ndipo anabwera ndi mayi ake pa kabaza kuchokera kutali. Ankati akamwa madzi ozizira kapena akatafuna nzimbe, dzino lakumapeto limamulasa. Mayiwo anati, "Adokotala, ingolichotsani, limera lina." Ndinawayankha kuti, "Mayi, ili silimeranso." Linali dzino loyamba lachikulire lotafunira, lija limamera mwana ali ndi zaka 6 kuseri kwa mano aubwana, popanda lina kugweduka kuti lilipatse malo. Poti limabwera mwakachetechete, makolo ambiri amaliyesa laubwana. Chonsecho ndi dzino limene limayenera kumutafunira munthu chimanga chokazinga mpaka ukalamba.

Bowo lake linali lisanafike pa mtsempha. Inali ntchito ya mphindi 20. Koma chomatira chinali chitatha miyezi ingapo m'mbuyomo, ndipo oda yathu inali isanabwere. Ndinatsuka bowolo n'kuwapempha kuti abwerenso mwezi wamawa. Anabweradi, koma atakolola, ndalama ya kabaza itapezeka. Tsiku limenelo tsaya la mwana linali lotupa, mafinya atatsikira kumizu. Ndinazula. Ndinazula bwino ndithu, mwana sanamve ululu, ndipo mayi ake anandithokoza mowomba m'manja. Kuthokoza kumene kuja kumandiwawabe mpaka lero.

Bwana Nduna, dzino silivunda tsiku limodzi. M'kamwa mwa aliyense muli tizilombo tomwe timadya shuga wotsalira pa mano n'kutulutsa asidi. Asidiyo amasungunula pang'onopang'ono chikamba cholimba cha kunja kwa dzino. Poyamba pamangooneka kadontho koyera ngati choko, ndipo pamenepo dzino likhoza kudzilimbitsanso lokha ngati lipeza fluoride. Kenako chikamba chimabooka, kuvunda n'kulowa m'kati mofewerapo, mpaka kukafika pa mtsempha. Ulendo wonsewu umatenga miyezi, nthawi zambiri zaka. Nthawi yopulumutsa dzino imakhalapo yochuluka. Ife timakumana ndi wodwala ulendo utatha, ndipo chifukwa chake n'chodziwika: mbiri inafala kale kumidzi kuti kumano amangozula. Ndani angathamangire kumeneko dzino likungoyamba kunyerenyetsa? Munthu amayamba wapirira ndi panado, amaikamo mchere, fodya, mankhwala a zitsamba, ena mpaka madzi a m'batire, n'kubwera pamene sakugonanso tulo. Apo n'zoona, chotsala n'kuzula. Kaundula wathu amadzaza ndi mano ozulidwa. Ogula katundu akaona kaundulayo amati kumano kumafunika jakisoni wa dzanzi ndi zozulira basi, n'kugula zomwezo. Chaka chamawa zimabwerezanso. Anthu sabwera msanga chifukwa tilibe zomatira, ndipo zomatira sizigulidwa chifukwa anthu sabwera msanga. Wodula chingwe chimenechi sangakhale wodwala. Ndi inu, amene muli ndi mphamvu pa ndalama ndi pa oda.

Ndikudziwa yankho limene limabwera msanga: kumata mano kumafuna mpando wamagetsi, makina obowolera, kompresa, madzi a m'mipope, ndipo zipatala zathu zambiri zilibe zimenezi. Kale yankho limeneli linali lomveka. Lero silikwanira, ndipo njira imene inaligonjetsa inabadwira kwa anansi athu. Cha m'ma 1985, dokotala wa mano wa ku Netherlands, Jo Frencken, akugwira ntchito ku Tanzania, anakumana ndi vuto lathu lomweli la mano obooka kumalo kopanda magetsi. Iye ndi anzake anayamba kuchotsa chovunda ndi tizipangizo ta m'manja, n'kumata bowolo. Njirayi inadzatchedwa Atraumatic Restorative Treatment, mwachidule ART. Inayesedwa ku Thailand ndi m'sukulu za ku Zimbabwe, ndipo bungwe la WHO linaivomereza poyera mu 1994.

Ndiloleni ndiifotokoze, chifukwa amene sanaionepo amaganiza kuti ndi ntchito yapatali. Mwana amagona pa tebulo kapena pa benchi, mutu uli pa kapilo, pamalo powala. Timatchinga malovu ndi thonje. Ndi kachipangizo konga kasupuni kakang'ono timakokota chofewa chovunda, makamaka m'mbali mwa bowo, osakumba mpaka pa mtsempha. Kenako timasakaniza ufa ndi madzi ake a chomatira chotchedwa glass ionomer, n'kuchiika m'bowo, n'kutsindira ndi chala chovala golovesi chopakidwa mafuta a Vaseline kuti chilowe ndi m'timing'alu ta pamwamba pa dzino. Pakapita mphindi zochepa chimauma gwa. Chomatirachi chimagwirana chokha ndi dzino, ndipo chimatulutsa fluoride pang'onopang'ono kulimbitsa malo ozungulira. Palibe phokoso la makina loopsa ana, ndipo kawirikawiri jakisoni safunika. Zipangizo zonse zimakwana m'kachikwama komangirira pa keliyala ya njinga. Sindikubisirani malire ake: ART imalimba kwambiri pa bowo la mbali imodzi, monga la pamwamba potafunira, ndipo pa mabowo akuluakulu odya mbali zingapo siikhalitsa chimodzimodzi. Dzino limene mtsempha wake wafa kale silingapulumuke nayo. Koma bowo la mtsikana uja linali la mtundu weniweni umene njirayi inapangidwira.

Palinso mankhwala amadzimadzi otchedwa silver diamine fluoride, amene ku Japan akhala akuwagwiritsa ntchito kuyambira cha m'ma 1970. Timaumitsa dzino, n'kupaka ndi kaburashi. Siliva amapha tizilombo, fluoride amalimbitsa pofewa paja, kuvunda n'kuima. Dontho limodzi limakwana mano angapo, ndipo timabwereza kupaka kawiri pachaka. Kwa mwana wa zaka 3 amene sangakhale phee, kwa agogo ogona pamphasa, kwa munthu wolumala amene kutsegula kukamwa nthawi yaitali kumamuvuta, mankhwalawa ndi chipulumutso. Vuto lake n'lakuti povunda paja pamada bii, ndipo sipayeranso. Apa mpamene pamaonekera khalidwe la wogwira ntchito. Sitiyenera kupaka tisanawaonetse makolo mmene dzino lidzaonekere, makamaka likakhala lakutsogolo. Mayi wosauka naye ali ndi ufulu wosankha pakati pa dzino lakuda losawawa ndi njira ina. Ndaonapo makolo ambiri akuvomera akamvetsa, ndipo ndaonapo ena akukana. Onsewa anali mu ufulu wawo.

Wina asanene kuti izi ndi njira za amphawi, zongotonthozera. Ku Scotland, dokotala wina dzina lake Norna Hall ankaveka mano aubwana ovunda kachipewa kachitsulo kodzaza ndi glass ionomer, osabowola, osabaya jakisoni, mwana n'kungoluma kuti kalowe. Tizilombo tikatsekeredwa m'kati popanda shuga, kuvunda kumaima, ndipo kachipewako kamadzagwa limodzi ndi dzino nthawi yake ikakwana. Akatswiri a ku Dundee anaifufuza njirayi, ndipo lero imaphunzitsidwa m'sukulu za mano m'mayiko olemera. Dziko lonse lapansi likupita komweko: kubowola pang'ono, kusunga dzino lochuluka. Mu 2021 bungwe la WHO linaika glass ionomer, silver diamine fluoride ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride pa mndandanda wake wa mankhwala ofunika kwambiri. Pempho langa lalikulu, Bwana Nduna, n'lakuti zinthu zimenezi zisathere papepala. Zigulidwe ndi Central Medical Stores Trust chaka ndi chaka monga agulira LA ndi magolovesi, zifike m'kabati ya chipatala chilichonse cha boma ndi cha mishoni, ndipo zikatha pakhale wina wofunsidwa.

Nthawi nayonso ikutikankha. Kwa zaka zoposa 100 chomatira chodalirika chinali amalgam, chotuwa chija, chimene pafupifupi theka lake ndi mercury. N'cholimba, n'chotsika mtengo, ndipo chimapirira ngakhale malovu atalowerera pang'ono. Koma mercury akatayikira m'madzi ndi m'nthaka amalowa mu nsomba n'kubwerera kwa anthu, monga zinachitikira mumzinda wa Minamata ku Japan, kumene matenda ake anadziwika mu 1956. Pangano la mayiko lotchedwa ndi dzina la mzindawo linakhazikitsidwa mu 2013, ndipo mu 2022 mayiko anagwirizana zopewa amalgam kwa ana osafika zaka 15, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa. Mayiko a mu European Union anailetsa kuyambira mu Januwale 2025. Opanga akamachepa, katunduyu adzasowa ndipo adzakwera mtengo. Chomatira choyera chimene zipatala zolipira za m'tauni zimagwiritsa ntchito, composite, n'chokongola, koma chimafuna dzino louma kotheratu, chopopera malovu ndi nyali yake youmitsira. Kumene magetsi amazima pakati pa ntchito, chimenechi n'chovuta. Tikapanda kukonzekera tsopano, tidzataya chakale tisanagwire chatsopano, ndipo chotsala m'manja mwathu chidzakhala chozulira chomwe chija.

Za makina ndinenapo mwachidule, poti aliyense amene wayendera zipatala zathu anaziona. Mipando yamphatso imafika ndi nyimbo ndi zithunzi, ikagwira ntchito chaka chimodzi kapaipi kamodzi n'kuphulika, basi yasanduka poikapo mafayilo. Tisanalandire mpando wina tiyambe tafunsa kuti zosinthira zake zidzachokera kuti, ndipo amisiri athu a zipangizo za chipatala aphunzitsidwe kukonza mipando ya mano ndi kompresa. Koma makina amene sindingalole kuti tiwanyengerere ndi autoclave. Chozulira chimatuluka m'kamwa chili ndi magazi. Kuti chilowe m'kamwa mwa munthu wina chimayenera kutsukidwa, kenako kuphikidwa ndi nthunzi yopanikizidwa ya madigiri 134 kwa mphindi zosachepera 3. Kuwiritsa m'poto sikufika pamenepo. Pamzere pakakhala anthu 40, zozulira zili zochepa, magetsi azima, wogwira ntchito amakhala pa mayesero aakulu: abweze anthu amene ayenda mtunda wautali, kapena afupikitse njira. Ine ndabwezapo anthu, ndipo anandinyoza. Ndikanasankhanso chomwecho lero, chifukwa kachilombo ka HIV ndi ka matenda a chiwindi a hepatitis B sitioneka ndi maso. Koma munthu asamaikidwe pa mayesero otere mlungu uliwonse. Zida zikhale zokwanira kusinthanitsa, ndipo chipinda chophikira zida chilumikizidwe ku jenereta kapena ku sola.

Tsopano za anthu ogwira ntchitoyi. Apa ndiyenera kuyamika. Kalembera wa 2018 atapeza kuti tilipo anthu 17.5 miliyoni, madokotala a mano m'dziko lonse sankafika 50, ambiri ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndipo onse anaphunzira kunja. Mu 2019 maphunziro a digiri ya udokotala wa mano anayamba kuno kwathu, kusukulu imene lero ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow pa ntchito ya MalDent imene boma la Scotland linaikapo ndalama. Mu 2022 unduna wanu unakhazikitsa ndondomeko ya dziko lonse ya umoyo wa m'kamwa. Zimenezi ambiri a ife sitinkayembekeza kuti tidzaziona tikadali pantchito.

Nkhawa yanga ili pa zotsatira. Mwana amene waphunzira zaka zonsezi kuchotsa mtsempha wovunda n'kusunga dzino, kumanga nsagwada yothyoka pa ngozi ya njinga yamoto, kupanga mano oikirira, mukamutumiza kuchipinda chokhala ndi chozulira chokha, sakhalitsa. Adzatsegula kachipatala kake m'tauni kapena adzawoloka malire, ndipo sitidzakhala ndi pomudzudzulira. Malo awo antchito m'zipatala za m'maboma akhazikitsidwe, alembedwe msanga akamaliza, ndipo apeze pogwirira.

Musatiiwalenso ife. Pa zaka zonse zimene madokotala kunalibe, amene anagwira chipinda cha mano kuboma ndi madental therapist ochokera ku Malawi College of Health Sciences. Ngakhale madokotala atachuluka, kumudzi adzafikako ndi ife. Ena mwa anzanga anamaliza sukulu kalekale ndipo silver diamine fluoride sanamugwirepo. Si ulesi, palibe anawaitanapo kukaphunzira. Pakhale maphunziro obwereza ogwira ndi manja, osati ongokhala m'holo kumvera. Pakhale njira yoti therapist wakhama akwere, apitirize sukulu popanda kuyambiranso pansi. Ndipo bungwe la Medical Council of Malawi, limene lamulo la 1987 linalipatsa udindo wotilembetsa ndi kutiyang'anira, lilongosole momveka chimene therapist angachite yekha, chimene angachite moyang'aniridwa, ndi chimene ayenera kutumiza. Pakapanda malire omveka, dokotala wachinyamata ndi therapist wa imvi adzakangana m'chipinda chimodzi wodwala ali kukamwa yasa. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga ili ndi lalikulu.

Pali chizolowezi china chimene ife eni ake tiyenera kuvomera kuti tili nacho. Zida zikasowa, kapena mzere ukatalika, n'kosavuta kulemba amoxicillin ndi metronidazole n'kumuuza munthu kuti abwere Lachinayi. Mankhwala amenewa sachiza dzino lowawa. Gwero la ululu lili m'kati mwa dzino, kumene magazi safikanso bwino, ndipo chofunika n'kutsegula, kutulutsa mafinya kapena kuchotsa. Malo ake enieni ndi pamene kutupa kwayamba kufalikira, munthu watentha thupi, kukamwa sikukutseguka. Ndinaonapo bambo wamphamvu zake, mlimi, atatupa pansi pa chibwano mbali zonse mpaka lilime kukankhidwira m'mwamba, akuvutika kupuma, zonse zitayambira pa dzino limodzi. Tsiku limene munthu wotere wafika timafuna mankhwala aja agwire ntchito, ndipo sadzagwira ngati tikhala tikuwamwaza pa aliyense. Malangizo olembedwa a momwe tingaperekere mankhwalawa kumano akhomedwe pakhoma m'chipinda chilichonse, ndipo atiyendere kudzaona ngati tikuwatsata. Sindikuopa kuyenderedwa.

Ndiponso amene amayang'ana m'kamwa amaona zambiri kuposa mano. Zoyera za pa lilime ndi timabanga tofiirira ta Kaposi kumwamba kwa m'kamwa zandichititsapo kutumiza anthu kukayezetsa magazi iwo asanaganizeko. Nkhama zotupatupa zosamva mankhwala zimaloza ku matenda a shuga. Mwana wotupa nsagwada, mano akugwedera onse pamodzi, akhoza kukhala ndi khansa ya Burkitt, imene imakula mofulumira koma imamva mankhwala akafulumira naye. Wosadziwa amangozula dzino n'kumubweza kumudzi. N'chifukwa chake ozula mano a m'misika ndi m'makwalala amandidetsa nkhawa, ngakhale ndikudziwa kuti anthu amapita kwa iwo chifukwa kwathu n'kutali.

Kupewa ndakusungira kumapeto dala, chifukwa ndi kumene aliyense amathamangira polankhula pa misonkhano, kenako osachita kanthu. Maswiti, mabisiketi ndi zakumwa za shuga za m'timapepala zafika pa geti ya sukulu iliyonse, ngakhale kumudzi kwenikweni, pamene mankhwala otsukira mano banja limagula likatsala ndi ndalama. Kambiranani ndi anzanu a ku Unduna wa Zachuma za mtengo wa mankhwalawa ndi msonkho wake, ndipo a Malawi Bureau of Standards azitsimikiza kuti ogulitsidwa m'misika alidi ndi fluoride wokwanira, kuyambira 1000 mpaka 1500 ppm. Ku Scotland, pa ntchito yotchedwa Childsmile, ana amatsuka mano pamodzi kusukulu ya mkaka tsiku lililonse aphunzitsi akuyang'anira. Ife tili kale ndi sukulu zambiri kumene ana amafola kulandira phala m'mawa. Pamene pali mzere wa phala pakhoza kukhala mzere wa miswachi. Tili kale ndi alangizi a zaumoyo amene amaona mwana aliyense kusikelo. Kuwaphunzitsa kukweza mlomo wa mwana n'kuyang'ana timadontho toyera tija, ndi kuwauza amayi za dzino la zaka 6, sikufuna nyumba yatsopano. M'mera mpoyamba, ndipo anthu oyambira nawo alipo kale pa malipiro a boma.

Bwana Nduna, malipoti ochokera m'maboma akamafika pa desiki panu, pemphani kuti nambala ziwiri zilembedwe moyandikana: mano ozulidwa ndi mano omatidwa, boma lililonse palokha, ana osafika zaka 15 paokha. Muziifunsa nambala yachiwiriyo pa msonkhano uliwonse wa akuluakulu a zipatala, mpaka aizolowere. Ndipo tsiku lina Lolemba m'mawa, popanda kutumiza uthenga, patukirani pa chipatala cha boma chilichonse chimene chili m'njira yanu. Mudutse pa benchi paja, mulowe m'chipinda cha mano, mupemphe therapist amene mumupezemo kuti akutsegulireni kabati. Mumufunse kuti glass ionomer anamuona liti komaliza, ndipo mumupatse mpata ayankhe bwana wake asanamuyankhire.

Ine wanu pa ntchito ya umoyo,

Dental therapist wa m'chipatala cha boma